Za Magetsi a Mudzi, ndi Funso Limene Anzeru Analisiya

M'zaka za posacedwa pano anthu ophunzira a m'mayunivesite alemba zambiri za njira zopezera moto ndi kuunika popanda malasha, dizilo ndi parafini, zinthu zokumbidwa pansi zimene utsi wace uli kutenthetsa dziko lonse lapansi. Mwa zolembedwa zimenezo muli nthambi imodzi yotikhudza ife anthu a kumidzi koposa zina zonse, ndiyo yofufuza za magetsi amene mudzi udzipangira wokha kucokera ku dzuwa, ku mphepo kapena ku madzi a mumtsinje, nuwasunga monga cuma cace. Mwezi uno ndifuna kuti tiike zolembedwa zingapo za mtundu umenewu pa muyeso, tione pamene zalemera ndi pamene zapepuka. Ndinene poyamba pomwe cimene ndapeza, kuti mungandiyese wobisa mau. Anzeruwo anafunsa mafunso awiri abwino ndithu. Koma lacitatu, limene liri mwini nkhani kwa munthu wosauka, ambiri a iwo analisiya panjira. Funsolo ndi ili: kodi cinthuco cikadzaonongeka caka cacisanu, alendo atapita kwao, adzacikonza ndani, ndipo ndalama zace zidzaturuka m'thumba la yani?

MAFUNSO AWIRI ABWINO

M'caka ca 2008 aphunzitsi awiri a m'mayunivesite a ku England, maina ao Gordon Walker ndi Patrick Devine-Wright, anasindikiza kalata yaifupi, ya masamba anai okha, m'magazini ya anzeru yochedwa Energy Policy. Masiku amenewo boma la Britain linali kupereka ndalama zothandizira nchito za magetsi zochedwa za mudzi. Ndipo monga mudziwa, dzina lobweretsa ndalama silisowa olichula. Nchito zamitundumitundu zinabvala dzinalo. Zina zinali za anthu a pamalopo ndithu, zina zinali za akuru a boma a m'deralo, ndi zina zinali za anthu owerengeka okha. Tsono amuna awiriwa anapangana kuti nchito iri yonse iyesedwe ndi mafunso awiri. Loyamba: kodi aicita ndani? Ndani anaipangana, ndani ali ndi mau pa kayendetsedwe kace, ndipo kodi zikambidwa pabwalo kapena m'cipinda? Laciwiri: kodi phindu lace ligwera yani? Likhala pomwepo ndi kugawidwa kwa onse, kapena lipita kutali m'matumba a eni cuma? Analemba mizere iwiri yopingasana, wina wa funso loyamba ndi wina wa laciwiri, kotero kuti nchito iri yonse ipeza malo ace pa cithunzico. Makina a kampani yakutali agwa pa ngondya imodzi, ndi nchito yopanganidwa ndi eni mudzi, yodyedwanso ndi eni mudzi, igwa pa ngondya yopenyana nayo.

Kalata imeneyi ndiitama ndi mtima wonse. Ife ogwira coko tidziwa kuti funso limodzi lolunjika liphunzitsa koposa mayankho khumi, ndipo mafunso awiriwa ngoti nyakwawa angathe kuwafunsa pabwalo osasowa womasulira. Ndiponso olembawo sanakhale m'nyumba ndi kulota, koma anayenda nakaona. M'kalata ina ya 2010 Walker ndi anzace analinganiza malo awiri. Pa mudzi wa Gamblesby, kumpoto kwa England, anthu anagwirizana kukonza nyumba yao ya misonkhano ndi kuikamo makina otenthetsa osadya mafuta, ndipo anaicita nchitoyo mokhulupirirana. Koma pa Moel Moelogan, m'dziko la Wales, makina a mphepo anali a alimi atatu. Ndipo ngakhale alimiwo anali ana a komweko, anthu anagawikana, ena nayamba kuwakayikira. Apa anzeruwo anatsimikiza ndi umboni cimene makolo athu ananena kale, kuti liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi.

Koma taonani pamene mafunso awiriwa alekeza. Loyamba lipenya tsiku loyamba nchito. Laciwiri lipenya tsiku logawana phindu. Onsewo ndi mafunso a tsiku la ukwati, pamene nthungululu ziri kulira ndi mphatso ziri kugwa m'licero. Koma akuru pomanga ukwati sayamba ndi nthungululu. Afunsa kuti ankhoswe ndani, ndiwo anthu amene adzadzutsidwa usiku zinthu zitabvuta m'nyumba. Pa cithunzi ca mizere iwiri cija palibe malo a nkhoswe.

CISUMBU CA GIGHA

Kalata yaciwiri imene ndiika pa muyeso ikamba za kacisumbu ka kumadzulo kwa Scotland, kocepa koposa Likoma, dzina lace Gigha. Kwa zaka mazanamazana cisumbuco cinali ca eni malo olemera, amene anali kugulitsana dzikolo pamodzi ndi nyumba za okhalamo. Ndipo anthu anali kucokacoka kufikira anatsala ngati 100. M'caka ca 2002 otsalawo anacigula okha ndi mapaundi 4 miliyoni. Zambiri za ndalamazo zinacokera ku matumba a cithandizo a dziko lao, koma 1 miliyoni inali ngongole, ndipo anaibweza pofika 2004. Kumapeto kwa caka comweco anaimika makina atatu opukusidwa ndi mphepo, amene anagwirapo kale nchito kwina, ali onse a mphamvu ya makilowati 225. Nawapatsa maina m'cinenero cao ca Gaelic otanthauza Cikhulupiriro, Ciyembekezo ndi Cikondi. Magetsiwo anayamba kuwagulitsa ku nthambo zazikuru za dziko, ndipo ndalama zace zinalowa m'thumba la cisumbu conse.

Charles Warren, wa ku yunivesite ya St Andrews, ndi mnzace Malcolm McFadyen anafuna kudziwa ngati kukhala mwini cinthu kusintha mtima wa munthu pa cinthuco. Pakuti ku Ulaya alipo anthu odana nao makina a mphepo, onena kuti aipitsa maonekedwe a mapiri. Tsono anafunsa anthu a pa Gigha, nafunsanso a ku Kintyre, kumtunda kopenyana ndi cisumbuco, kumene makina a mphepo anali a makampani. Zimene anapeza anazisindikiza m'caka ca 2010 m'magazini yochedwa Land Use Policy. Anapeza kuti mbali zonse ziwiri ambiri anali kuwabvomereza makinawo, koma a pa Gigha ndiwo anawakonda koposa. Ndipo pano ndiwalemekeza olembawo, cifukwa sanakometse nkhani. Ananena poyera kuti kusiyanako kunali kwa muyeso cabe, si kusiyana kwa usana ndi usiku.

Komabe ndipezamo zirema zitatu. Coyamba: anafunsa anthu 106 okha, ndipo anawafunsa m'caka ca 2006, makinawo asanathe zaka ziwiri ciimikire. Kumeneko ndiko kufunsa mkwatibwi za ukwati mwezi usanathe. Caciwiri: malo awiriwa sanasiyane pa umwini pokha iai. Pa Gigha panali makina atatu ang'onoang'ono, ku Kintyre kunali ambiri ndi akuru. Ndiponso a pa Gigha anali atangodziombola kumene m'manja mwa eni malo, kotero kuti ciri conse coimikidwa ndi manja ao masiku amenewo cikadaoneka cokoma m'maso mwao. Mwana wa sukulu amene waphunzira zaulimi adziwa kuti minda iwiri ikasiyana mbeu, nisiyananso dothi ndi mvula, sungathe kunena kuti mbeu yokha ndiyo yadzaza nkhokwe. Cacitatu, ndico cacikuru: kalatayi inayesa mitima ya anthu, koma sinayese moyo wa makina. Kukonda cinthu ndi kwina, kucisunga zaka makumi awiri ndi kwina.

CIFUKWA CACE ANALISIYA

Sindiwaimba mlandu wa ulesi anthu awa. Munthu afunsa za minga imene imlasa. Ku Britain pafupifupi nyumba iri yonse iri pa nthambo zazikuru za dziko. Makina a pa Gigha akaima sabata yathunthu, nyali za m'nyumba siziima. Cotayika ndi ndalama za sabata imeneyo, ndipo mmisiri alipo, banki iripo, inshuwalansi iripo. Nkhoswe ya nchito zao ndiyo dziko lonse, ndipo cifukwa iri pomwepo nthawi zonse, saiona. Koma zolemba zao ziwerengedwa m'maiko onse, ndipo ophunzira ndi olemba mapempho a cithandizo anyamula mafunso awiri aja napita nao kumene kulibe nthambo kumbuyo kwa mudzi. Kumeneko makina akaima, mzamba abereketsa ndi tochi m'kamwa.

Tiyeni tione m'mene zinthuzi zifera, pakuti imfa yao si ya mwadzidzidzi monga ambiri ayesa. Mbale ya sola, yoyalidwa padenga, ikhala zaka makumi awiri kapena kupyola. Koma dzuwa liwala usana, ndi anthu afuna kuunika usiku. Cifukwa cace pafunika batire losunga mphamvuyo. Batire la mtovu ndi asidi, limene lakhala likuikidwa m'masukulu ndi m'zipatala zambiri za kumidzi, likhala zaka zitatu kapena zisanu. Ndipo likamakhudzulidwa kufikira pansi usiku ndi usiku, kapena likakhala m'cipinda cotentha, lifa msanga koposa pamenepo. Mabatire a lithiamu akhalitsa koposa, koma mtengo wace ngwokwera, ndipo naonso ali ndi tsiku lao. Palinso kabokosi kamene amisiri akachula inveta, kosandutsa mphamvu ya m'batire kuti iyenere zipangizo za m'nyumba; kameneko kapsa ndi mphezi kapena ndi kusenzetsedwa katundu wopyola muyeso wace. Makina a m'madzi nao ali ndi nthenda zao: mcenga udzaza ngalande mvula ikagwa yambiri, ndipo madzi acepa m'cirimwe.

Tsono zindikirani ici. Jenereta ya dizilo ipempha ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo ali yense aona ndi maso kuti yopanda mafuta siyenda. Koma sola ikhala cete zaka zinai osapempha kanthu, anthu nayesa kuti magetsi ngaulere. Ndipo caka cacisanu ipempha ndalama zonse pa kamodzi. Ukoma wace ndiwo msampha wace. Walira mvula walira matope: wolandira sola walandira ngongole ya batire, cinkana palibe wamuuza.

KUMENE FUNSOLO LINAYANKHIDWA

Ciripo cisumbu cina ku Scotland komweko cimene citiphunzitsa koposa Gigha, ndico Eigg, ca anthu ngati 100. Anthu ace anacigula m'caka ca 1997. Cimeneci ciribe nthambo yocokera kumtunda, ndipo kale nyumba zambiri zinali kudalira majenereta a dizilo, yense ndi yace. Pa 1 February 2008 anayatsa magetsi a cisumbu conse, ocokera ku makina atatu a m'madzi, makina anai a mphepo ndi mbale za sola, pamodzi ndi nyumba ya mabatire, ndi majenereta osungira tsiku latsoka. Ndipo m'zaka zambiri zotsatira, magawo ngati 9 mwa magawo 10 a magetsi ao anacokera ku madzi, mphepo ndi dzuwa.

Popeza analibe wina wowagwira akagwa, anthu a pa Eigg anayamba ndi funso lacitatu. Anakhazikitsa kampani yaoyao, ya cisumbu conse. Anaphunzitsa anthu a pomwepo kukhala amisiri oyendera makina. Anapangana kuti magetsi alipiridwe asanagwiritsidwe nchito. Ndipo anaika malire: nyumba isakoke kopyola makilowati 5 pa nthawi imodzi, ndi malo a malonda asapyole makilowati 10, wopyola, magetsi azima okha m'nyumba mwace, ndipo alipira kandalama kuti amyatsirenso. M'caka ca 2015 Zbigniew Chmiel ndi Subhes Bhattacharyya anafufuza za magetsi a pa Eigg, nasindikiza kalata m'magazini yochedwa Renewable Energy, yofuna kutapamo maphunziro a maiko osauka. Anacita bwino kupenya kumeneko. Koma wowerenga acenjere: nchito ya pa Eigg inadya mapaundi oposa 1.5 miliyoni, zambiri zocokera ku cithandizo, cifukwa ca anthu osadzaza mudzi umodzi wa kwathu kuno. Makina ao sitingathe kuwatengera. Cimene tingathe kutengera ndico malamulo ao, ndipo malamulowo sagulidwa ndi ndalama.

Zimenezi sizacilendo kwa anzeru. Mai Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2009, analemba buku m'caka ca 1990 la zinthu zimene anthu akhala nazo pamodzi, monga madambo odyetsa ng'ombe, nkhalango ndi ngalande zothirira. Iye anasankha kupenya zimene zakhala zaka mazana osagwa. Cimodzi ca zitsanzo zace ndi mudzi wa Törbel, m'mapiri a Switzerland, umene unalemba pangano lace m'caka ca 1483. Kumeneko lamulo linaletsa munthu kutumiza ku dambo la onse ng'ombe zoposa zimene angathe kuzidyetsa yekha nyengo yacisanu. Kodi si lamulo lomwe lija la makilowati 5? Ostrom anapeza kuti cinthu ca onse cikhalitsa pamene malire ace adziwika, pamene alipo oyang'anira, pamene wolakwa alangidwa pang'ono poyamba ndi koposa akabwereza, ndi pamene milandu iweruzidwa pafupi ndi mosadula. Ofufuza za magetsi a mudzi akadayamba ndi buku limeneli, mzere wacitatu sukadasowa pa cithunzi cao.

KWATHU KUNO

Nkhani ya zisumbu za Scotland siiri patali ndi ife monga ioneka. M'caka ca 2005 boma la Scotland ndi boma la Malawi anapangana pangano la kuthandizana, ndipo pambuyo pace ndalama za ku Scotland zinathandiza nchito za magetsi m'midzi yathu, pamodzi ndi kafukufuku wa yunivesite ya Strathclyde ya ku Glasgow. Kusowa kwace nkwakukuru: kalembera wa anthu wa 2018 anaonetsa kuti nyumba 11 zokha mwa nyumba 100 zinali kuunika ndi magetsi a nthambo, ndi kuti zoposa theka zinali kudalira tochi ya mabatire.

Anthu a ku Strathclyde ndiwayamika pa cinthu cimodzi cimene ena sanacite, ndico kubwerera m'mbuyo kukaona zimene zinaikidwa kale. M'caka ca 2020 Peter Dauenhauer ndi anzace anasindikiza kafukufuku wa nchito 65 za sola za m'masukulu, m'zipatala ndi m'malo ena a anthu onse m'midzi ya Malawi. Sanafunse kuti anthu akondwera kodi. Anapenya zipangizo, ndalama ndi kayendetsedwe, napeza kuti kukhalitsa kwa nchito zotere kuli ndi mabvuto ambiri. Kalata yotere siikoma kuwerenga monga ya Gigha, koma ndiyo ya mtengo wapatali. Pakuti citsime cidziwika kuya cikaphwa.

Ndipo ife tinali nalo kale phunziro limeneli pa mijigo. Kuyambira zaka za m'ma 1980 ciphunzitso cinafala m'Afrika cakuti mudzi usunge wokha mjigo wace, ndi komiti yosonkhetsa ndalama zogulira zitsulo. M'caka ca 2015 Mai Ellie Chowns anasindikiza zimene anapeza pa malo otungapo madzi 679 m'maboma anai a Malawi. Anapeza kuti kukonza mjigo usanafe sikunali kucitika kawirikawiri, kuti ukafa unali kucedwa kukonzedwa, ndi kuti m'matumba a makomiti munali ndalama zocepetsetsa poyerekeza ndi zimene zinayenera kukhalamo. Ndipo ananena cinthu cowawa: kuti njirayi inapitirira, si cifukwa inathandiza otunga madzi, koma cifukwa inapeputsa boma ndi opereka cithandizo, amene anatula katundu wao pamutu pa mudzi. Mau amenewa awerengedwe kawiri ndi yense wolemba za magetsi a mudzi. Pa Gigha liu lakuti mudzi litanthauza kuti anthu atenga cuma cimene cikadapita kwa olemera. Kwathu kuno liu lomwelo lingathe kutanthauza kuti osauka asiyidwa okha ndi ngongole. Liu ndi limodzi, koma kwina ndi colowa, kwina ndi goli.

Ziripo nchito zina zimene zinayesa njira yapakati. Ku Bondo, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, m'zaka za pambuyo pa 2010, bungwe la MEGA linayamba kupanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, ndi kuwagulitsa kwa anthu a m'midzi pa mita yolipiriratu, liri ndi anchito ace a malipiro. Ku Mthembanji, m'boma la Dedza, m'caka ca 2020 anaika magetsi a sola ofikira nyumba ndi masitolo 60, naonso olipira pa mita. Tsono apa ndi pamene cirema ca mizere iwiri cionekera poyera. Tikayesa ndi funso loyamba lija, komiti ya anthu odzipereka, yosankhidwa pansi pa mtengo, iposa bungwe la anchito olembedwa, pakuti iyo ndiyo ya mudzi kotheratu. Koma komitiyo iribe mmisiri, ndi thumba lace liri pululu. Bungwelo liri ndi munthu amene nchito yace ndiyo kudzuka makina akaima. Sindinena kuti njira yaciwiriyi yapambana kale iai. Nayonso iyesedwe ndi zaka. Ndinena kuti muyeso umene ungathe kupatsa nchito yakufa malikisi oposa a nchito yamoyo uli wosakwanira.

MAU A WOTSUTSA

Kapena wina adzati, Aphunzitsi, inu mufuna kusandutsa cifundo cikhale malonda. Osauka adzalipira ndi ciani? Funso ili nloyenera, ndipo ndiliyankha pawiri. Poyamba, wosauka alipira kale. Agula mabatire a tochi mwezi ndi mwezi, alipira pochajitsa foni ku sitolo, ndipo pa cigayo alipira dizilo m'mtengo wa cigayoco. Ndalama zimenezi zituruka m'mudzi osabwerera. Zikasonkhanitsidwa m'thumba lodziwika, lowerengedwa poyera, zingathe kukhala batire la caka cacisanu.

Kaciwiri, ziripo nyumba zimene siziyenera kusenzetsedwa mudzi konse. Cipatala ca kumudzi sicigulitsa kanthu, ndi sukulu siigulitsa kanthu. Kunena kuti komiti ya makolo igule mabatire a cipinda ca amai oyembekezera ndi ndalama zochajitsa mafoni ndiko kupempha nkhuku kuti ikoke ngolo. Nkhoswe ya nyumba zotere ndi boma, ndipo mtengo wa mabatire ace uyenera kulembedwa m'ndondomeko ya cuma monga mtengo wa mankhwala ndi wa coko. Wofufuza amene atama mudzi cifukwa ca kudzidalira, osafunsa kuti boma liri kuti, athandiza kubisa mlandu.

ZIMENE TIPEMPHA

Ciweruzo canga tsono ndi ici. Kalata ya Walker ndi Devine-Wright iwerengedwe, pakuti inatsuka liu limene linali litada. Koma ionjezedwe mzere wacitatu, wa zaka. Kalata ya Gigha iwerengedwe monga umboni wa tsiku limodzi, si monga lamulo la maiko onse. Ndipo kwa ofufuza amene akali kudza, makamaka ana athu a m'mayunivesite a kuno, ndipempha zinthu zinai. Abwerere ku nchito imene analemba za iyo zitapita zaka zisanu, ndiponso zitapita khumi. Awerenge nchito zakufa pamodzi ndi zamoyo, pakuti sing'anga wowerenga ocira okha sadziwa mphamvu ya mankhwala ace. Apemphe kuona buku la ndalama ndi kugwira batire ndi manja, osakhuta ndi mau a wapampando olankhulidwa alendo ali pomwepo. Pajatu kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo zimene apeza azibweze kwa eni mudzi m'cinenero cao, pakuti iwo ndiwo adzagona mumdima ngati anzeru alakwa.

Kwa inu owerenga, amene ena muli anyakwawa, ena aphunzitsi, ena a m'makomiti, ndinena ici. Magetsi a dzuwa, a mphepo ndi a madzi ndi cinthu cabwino, ndipo mwana wowerenga pa kuunika kopanda utsi wa koloboyi adalitsika koposa ife amene tinafiira maso pa nyali ya parafini. Musawakane. Koma tsiku limene alendo adzafika ndi mbale zonyezimira pa galimoto, muwalandire mwaulemu, muwapatse mpando, ndipo ng'oma zisanalire muwafunse mofatsa. Kodi nchitoyi aicita ndani? Kodi phindu lace ligwera yani? Amenewa mwawalandira kwa anzeru a ku England, ndipo muwayamike. Pamenepo muonjeze lanu: batire ili lidzafa caka citi, latsopano mtengo wace ndi wotani, ndalamazo zidzasungidwa kuti, ndipo mmisiri wace dzina lace ndani, akhala mudzi uti? Akayankha bwino, bvinani. Akayamba kupenyana, muwapemphe akhale kaye pansi, mupangane za ankhoswe. Pakuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma denga limene aikapo mbale zija ndi lanu.

Ndine wanu,
Mphunzitsi.